Difu yakonzedwa, koma akuikirani yotani?

Mvula ikayandikira, eni mapikapu ambiri amathamangira ku galaja kukakonzetsa zomwe akhala akuzengereza chaka chonse. Chimodzi mwa izo ndi difu, chimphika chachitsulo chija chili pakati pa matayala akumbuyo. M'madera ambiri pikapu yomwe imanyamula feteleza masana ndi yomweyo imene anthu amakagogodera usiku mayi woyembekezera nthawi yake ikakwana, kapena mwana akatentha thupi n'kuyamba kukomoka. Galimoto yotere ikatitimira pa dambo tayala limodzi likungozungulira m'matope, amene amavutika ndi wodwala uja. N'chifukwa chake mwezi uno tikambe za difu, makamaka mmene mungadziwire ngati yomwe mwabwera nayo kuchokera ku galaja ndi yofanana ndi yomwe munapita nayo.

Nkhaniyi ikukhudza magalimoto okankhidwa ndi matayala akumbuyo, monga Toyota Hilux, Hiace, Isuzu KB, Nissan Hardbody ndi Land Cruiser. Timagalimoto tambiri tating'ono timakoka ndi matayala akutsogolo, ndipo kumbuyo kulibe difu.

Galimoto ikamakhota, tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lam'kati. Ntchito ya difu ndi kulola kuti matayala awiriwa azizungulira pa liwiro losiyana uku onse akulandira mphamvu ya injini. Difu wamba, yomwe amakaniko amaitcha open, imagawa mphamvu mofanana kumbali zonse ziwiri, ndipo vuto lake lili pomwepo: tayala limodzi likaponda poterera, linzake lomwe laponda pouma limalandira mphamvu yochepa yomweyo. Lina limathamanga n'kumamwaza matope, linalo lili chiimire. Difu ya limited-slip, kapena LSD mwachidule, ili ndi timbale ta klatchi m'kati mwake tomwe timagwirana n'kukaniza tayala limodzi kuthawa lokha, choncho lomwe lili pouma limakankhabe. Kunja kwake ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi. Makaniko amene wagula difu yakale kwa ogulitsa zida za magalimoto ophwanyika akhoza kukuikirani open pomwe panali LSD iye mwini osadziwa, ndipo pa msewu wa tala simungazindikire kanthu mpaka mu Januwale.

Kuyesa kwake n'kosavuta, koma poyamba dzitetezeni. Imikani galimoto pamalo athyathyathya ndi olimba, zimitsani injini, ndipo tsekerani matayala akutsogolo ndi miyala kapena mitengo kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Mukakweza kumbuyo, khazikani galimoto pa zitsulo zochirikizira kapena zipika zolimba. Jeke yokha si yoikhulupirira, ndipo njerwa zimaphwanyika mosachenjeza. Ana asayandikire. Musalize injini n'kulowetsa giya pomwe tayala limodzi lili m'mwamba: ngati difu ndi LSD, tayala lomwe lili pansi lidzakankha galimoto n'kuigwetsa pa jeke, ndipo pikapu yolemera matani pafupifupi awiri ikagwera munthu pachifuwa palibe chithandizo chapakhomo chomwe chingamupulumutse.

Matayala onse awiri akumbuyo ali m'mwamba, giya ili pa neutral, handibuleki mwamasula, zunguzani tayala limodzi ndi manja wina akuyang'ana linalo. Likamazungulira mobwerera, nthawi zambiri ndiye kuti difu ndi open. Onse akamapita mbali imodzi, muli LSD ya timbale. Anthu ambiri amalekera pomwepa, koma mayesowa amanamiza m'njira zitatu. LSD yomwe timbale take tinatha imachita ngati open. Palinso mtundu wina wa LSD wopanda timbale, wogwiritsa ntchito magiya opindika, monga wotchedwa Torsen, womwe ukakwezedwa m'mwamba umachitanso ngati open ngakhale uli bwinobwino. Chachitatu ndicho choopsa: difu yomwe wina anawotcherera magiya ake ang'onoang'ono m'kati imazunguza matayala onse mbali imodzi, ndendende ngati LSD yamphamvu.

Choncho onjezerani mayeso achiwiri. Tsitsani tayala limodzi pansi, linalo likhalebe m'mwamba, giya ikadali pa neutral. Difu ya open imalola tayala lam'mwamba kuzungulira mosavuta. LSD ya timbale yamoyo imakana, ndipo imalola pokhapokha mutakankha ndi mphamvu, mwina mothandizidwa ndi sipanala ya mawilo, kenako imayenda molimba koma mosadumphadumpha. Yowotcherera siilola n'komwe; m'malo mwake galimoto yonse imafuna kusuntha, ndiye lekerani pomwepo. Pamsewu, yowotcherera imadziwika ndi matayala akumbuyo omwe amalira ndi kukwekwereza pansi mukamakhota pang'onopang'ono, ndipo galimoto imakhala ngati ikufuna kupitirira molunjika. Ena amaiyamikira chifukwa m'matope imakoka ndithu. Ine ndikuti galimoto yonyamula banja kapena odwala isayende ndi difu yotere. Pa tala wonyowa kumbuyo kumatha kutsetsereka pa kona, matayala amatha msanga, ndipo shafti ya tayala ikhoza kuthyoka galimoto itadzaza.

Tsopano dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri galimoto ikangochoka ku galaja. Poyenda molunjika zonse zili bwino, koma mukamakhota pang'onopang'ono, monga potembenuka pabwalo kapena polowa pageti, kumbuyo kumanjenjemera, kumabuula, kapena kumagunda ngati wina akumenya ndi nyundo pansi. Mwini galimoto amaganiza kuti difu yatsopanoyo ndi yakufa, ndipo ena amafika pogula ina. Ngati difu ndi LSD, yambani mwafunsa za oyilo. Difu iliyonse imafuna oyilo wokhuthala wa magiya, kawirikawiri wa GL-5, monga 80W-90, koma LSD ya timbale imafuna wolembedwa LS kapena LSD pa botolo, yemwe ali ndi mankhwala othandiza timbale kutsetsereka mofewa. Mukathira wamba, timbale timagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya, ndipo ndiko kunjenjemera mukumvako. Ma Toyota ambiri okhala ndi LSD amakhala ndi kasitika pa difu pomwepo kochenjeza za oyiloyu, koma fumbi ndi zaka zimakafufuta. Mankhwala ake ndi kukhetsa oyilo wolakwikayo, kuthira woyenera mpaka afike pa bowo lothirira, kenako kupita pabwalo lalikulu n'kuyenda pang'onopang'ono mojambula nambala 8 kangapo kuti oyilo alowe pakati pa timbale. Nthawi zina phokoso limatenga masiku angapo kuti litheretu. Likapitirira, ndiye kuti timbale tinapsa kale. Mtengo wa malita awiri kapena atatu a oyilo ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi difu ina. Oyilo wa LS mu difu ya open saononga kanthu.

Difu ya open ilibe timbale, ndiye ikamagunda pokhota, musataye ndalama pa oyilo: kayang'anitseni magiya ang'onoang'ono am'kati. Kulira kwina sikusankha mtundu wa difu. Kulira kopyapyala kokwera pamodzi ndi liwiro, komwe kumasintha mukaponda mafuta kapena mukawasiya, kumaloza magiya akuluakulu awiri aja omwe sanalumanitsidwe bwino pomanga, kapena ma bearing a pinion omwe anamangidwa molimba kapena molekerera. Kumeneko ndi kulakwa kwa mmisiri, ndipo bwererani msanga magiya asanadyane. Kugunda kamodzi polowetsa giya kapena ponyamuka kungakhale mpata wochuluka pakati pa magiya, komanso kungakhale kolumikizira propshaft, komwe n'kotsika mtengo. Mkokomo womwe umakula mukakhotera mbali imodzi n'kuchepa mukakhotera inayo nthawi zambiri ndi bearing ya tayala, osati difu.

Eni magalimoto a 4x4 ali ndi china choti aonetsetse. Difu yakumbuyo iyenera kukhala ndi ratio yofanana ndi yakutsogolo. Ma Hilux anatuluka ndi ma ratio osiyanasiyana, monga 4.1, 4.3 ndi 4.56, ndipo ena amakwanirana pomanga ngakhale ali osiyana. Mukuyenda ndi matayala awiri simungamve vuto, kupatula mwina sipidomita ikunama pang'ono. Tsiku lomwe mudzalowetse 4x4, kutsogolo ndi kumbuyo kudzayamba kukokana, galimoto idzalimba, ndipo chinthu china chodula chikhoza kuthyoka. Kuyeza kwake kumangofuna choko. Lembani mzere pa tayala ndi pa propshaft. Pa LSD, matayala onse ali m'mwamba, zunguzani tayala kamodzi n'kuwerenga kuti propshaft yazungulira kangati. Kanayi ndi pang'ono ndiye 4.1, kanayi ndi theka ndiye 4.56. Pa open, tayala limodzi likhale pansi ndipo linalo mulizunguze kawiri. Kuti musasokoneze 4.1 ndi 4.3, bwerezani kakhumi: mupeza 41 kapena 43.

Mukapeza kuti akuikirani open pomwe munali ndi LSD, si kuti galimoto yafa. Open ndi yolimba, siivuta kusamala, ndipo kwa munthu wa m'tauni imakwanira. Koma muyenera kudziwa, mulipire mtengo wa open, ndipo ngati msewu wanu wopita ku chipatala umadutsa pa dambo, muumirire kuti abwezeretse LSD. Pokambirana ndi amakaniko, apempheni kuti alembe pa lisiti mtundu wa difu, ratio yake ndi oyilo yemwe athira, komanso akubwezereni zitsulo zakale zomwe achotsa. Mmisiri wabwino sakwiya nazo zimenezi. Amene mwatsala ndi open, mukatitimira tayala limodzi likuzungulira, kukoka handibuleki pang'ono kumathandiza nthawi zina, chifukwa kumagwira tayala lothawalo ndipo linzake limapezako mphamvu. Amene muli ndi LSD, matayala awiri akumbuyo akhale a saizi imodzi. Sipeya yaing'ono imachititsa timbale kukhulana ulendo wonse mpaka kutha.

Pakatha sabata chikonzereni, suzumirani kuseri kwa matayala akumbuyo. Oyilo akamatuluka pamenepo ndiye kuti seal ikudontha, ndipo oyiloyo amanyowetsa mabuleki mpaka kusiya kugwira. Mukaoloka mtsinje madzi n'kufika pa difu, tsegulani bowo lothirira muone: oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka walowa madzi ndipo asinthidwe. Wakale yemwe mwakhetsa musamusunge m'botolo la zakumwa kapena la mafuta ophikira pomwe mwana angalifikire, ndipo musamutaye pafupi ndi chitsime.