Tikugula Zinyalala ndi Ndalama za Fodya

Alamu anga a ku Nsaru si munthu wopusa. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa aliyense amene ndimamufotokozera nkhaniyi amathamangira kunena kuti safunsa anadya phula, ngati kuti wolakwa ndi wakudya phulayo, osati amene anamuikira phula m'mbale n'kumuuza kuti ndi uchi. Alamu angawa alima fodya wa bale kwa zaka zoposa 20, ndipo simungawanamize pa mtundu wa tsamba, pa sikelo, kapena pa feteleza wosakaniza ndi mchenga. Koma mu Julaye 2022, atangotapa ndalama za fodya amene anagulitsa ku okushoni ku Kanengo, anaberedwa dzuwa likuswa mtengo pa msika wa kwawo komwe.

Tsiku la msikalo kunabwera mnyamata wa m'tauni ndi kagalimoto kodzaza makompyuta a patebulo, aja a chibokosi chachitsulo ndi sikirini yachimutu. Mwana wamkazi wa alamu anga anali Fomu 3 pa sukulu ina yoyendera, kumene kiyibodi ankaidziwira pa bolodi, aphunzitsi ataijambula ndi choko. Bambo wake ankafuna kuti mwanayo aikhudzeko ndi zala zake. Mnyamata uja analiza kajenereta, n'kuyatsa kompyuta imodzi, ndipo pa sikirini panatuluka chithunzi cha kaphiri kobiriwira ndi mitambo.

"Madala, iyi ndi ya ku UK, yolimba ngati thirakitala," anatero mnyamatayo. "Mwana wanu mayeso wakhoza kale."

Alamu anga anawerenga ndalama zokwana kugulira matumba atatu a feteleza. Lisiti sanapatsidwe. Poti kunyumba kwawo kulibe magetsi, anakaisungitsa kwa wometa tsitsi wina pa msika pomwepo kuti mwana azikaphunzirira kumeneko akaweruka. Chaka chimenecho mukuchikumbukira: namondwe Ana anali atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, ndipo magetsi ankabwera ngati mlendo wodutsa. Kompyutayo inagwira ntchito masabata atatu. Tsiku lina magetsi atangobwera, munatuluka kafungo kakupsa, basi. Atamuimbira foni wogulitsa uja, anayankha kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Patapita sabata nambala yake inasiya kupezeka.

Anaikweza minibasi n'kubwera nayo kwa ine m'tauni, poti munthu ukamagwira ntchito m'boma abale amayesa kuti chilichonse cha mawaya umachidziwa. Ndinapita nayo kwa wokonza. Atatsegula chibokosicho anaseka, kenako anachita manyazi ataona nkhope ya alamu anga. M'kati munali fumbi la kwa eni ake, tizipangizo tina titatupa ngati nyemba zonyikidwa m'madzi. Inali Pentium 4, mtundu umene kampani ya Intel inayamba kugulitsa m'chaka cha 2000. Kaphiri kobiriwira kaja kanali ka Windows XP, pulogalamu imene inatuluka mu 2001, ndipo eni ake a Microsoft anasiya kuisamalira mu Epulo 2014. Makinawo anali aakulu msinkhu kuposa mwana amene anamugulira. Ngakhale akanapanda kupsa, masamba ambiri a pa intaneti a masiku ano sakanatseguka, ndipo mwanayo akanaphunzira zinthu zimene sakazipeza mu ofesi ina iliyonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikamadandaula chonchi anzanga kuntchito amandiyankha kuti mphawi sasankha, ndipo amandiloza jekete imene ndavala. N'zoona, jeketeyo ndi ya pa kaunjika, nsapato zomwe. Koma jekete ndinaitambasula, ndinaiyang'anitsa padzuwa, ndinakoka zipi, ndinaiyesa. Diso la munthu wamba limatha kuweruza jekete. Kodi mlimi wa ku Kabudula kapena mphunzitsi wa pulaimale wa ku Nambuma angaweruze bwanji za m'kati mwa chibokosi chomangidwa ndi masikuluwu? Wogulitsa amadziwa zonse, wogula sadziwa kanthu, ndipo phindu lonse la malondawa lagona pa kusadziwa kumeneko. Komanso jekete yosokedwa mu 2004 imafunditsabe mu Juni. Kompyuta ya 2004 ntchito yake inatha, ngakhale magetsi ake obiriwira atayaka bwanji.

Musandimve molakwa. Sindikudana ndi kompyuta iliyonse yogwiritsidwapo kale ntchito. Pitani pa Mpingu kapena pa Namitete, mukapeza anyamata akutayipa makalata, kusindikiza mapepala a mayeso ndi kuika nyimbo m'mafoni pogwiritsa ntchito makompyuta amene wina anawasiya, ndipo mabanja akudya. Alipo mabungwe, monga Computer Aid International la ku London, amene amayamba ayesa makinawo, kuwakonza ndi kufufuta za eni ake akale asanawatumize. Alipo ogulitsa oona mtima m'tauni amene amakuuzani zaka za makina ndi kukulonjezani kuti akavuta mubwere nawo. Amene ndikulimbana nawo ndi aja amasankha dala makina amene m'tauni akanidwa, n'kudikira mwezi umene alimi atapa za fodya, n'kulunjika kumene akudziwa kuti kulibe wowafunsa funso lovuta.

Ndipo amadziwa kuti kumeneko magetsi kulibe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno ndi zimene zimaunikira magetsi a mawaya, ndipo kumidzi sizinkafika ngakhale 5. Chikompyuta chakale pamodzi ndi sikirini yake yachimutu chimadya mphamvu yoposa mawati 150, pamene kasola ka padenga la alamu anga kanagulidwira mababu atatu ndi kutchaja foni. Wogulitsa uja anabwera ndi jenereta yake. Ndiye kuti ankadziwa bwino lomwe kumene akupita. Sanafunse n'komwe kuti, "Madala, mukayatsira chiyani?"

Funso limene tiyenera kudzifunsa ndi lakuti, n'chifukwa chiyani makinawa amayenda ulendo wonsewo, kuwoloka nyanja mpaka kufika pa Nsaru? Yankho lake ndi ndalama. Ku Ulaya kutaya kompyuta si kwaulere. Malamulo a kumeneko amafuna kuti iphwasulidwe mosamala chifukwa muli poizoni: galasi la sikirini yachimutu lili ndi mtovu wambiri, ndipo mtovu umawononga ubongo wa ana. Pangano la Basel la 1989 linakhazikitsidwa kuti mayiko olemera asamangothira zinyalala zoopsa kwa osauka. Koma mukalemba pa kontena kuti muli katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, zinyalala zija zasanduka malonda. Lipoti la mabungwe a United Nations linati mu 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kuphwasulidwa mwadongosolo sizinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Zinazo zinapita kuti? Kale zina zinkakathera ku Agbogbloshie mumzinda wa Accra ku Ghana, kumene anyamata ankawotcha mawaya kuti apeze kopa mpaka boma linagumula malowo mu 2021. Zina zili kuseri kwa nkhokwe zathu. Mwini zinyalala akanalipira kuti zichoke pakhomo pake. M'malo mwake walipira ndi mlimi wa fodya.

Ndipo zambiri zikubwera. Mu Okutobala 2025 a Microsoft anasiyanso kusamalira Windows 10, ndipo makompyuta ochuluka amene sangalandire Windows 11 akutulutsidwa m'maofesi a mayiko ena. Ena mwa amenewa ndi abwino ndithu ndipo angatithandize. Koma adzafika atasakanikirana ndi mitembo, ndipo wosankhula palibe.

Apa ndiyenera kuulula kanthu, chifukwa n'kosavuta kuloza chala kutsidya kwa nyanja. Zaka zingapo zapitazo ndinali m'kakomiti ka ku ofesi kwathu koona za katundu wotha ntchito. Tinalowa m'chipinda chosungiramo katundu, tinawerenga makompyuta akufa, ndipo ine ndinasayina ndi dzanja langali kuti sangagwirenso ntchito. Anagulitsidwa pamulu, pa mtengo wa zitsulo. Ogula anali anyamata a tigalimoto ngati yemwe uja. Palibe mmodzi wa ife amene anafunsa kuti akupita nawo kuti. Tinasangalala kuti chipinda chayera, tinalemba lipoti, tinapita kukadya nkhomaliro. Wokonza uja atatsegula chibokosi cha alamu anga, ndinayang'ana kumbuyo kwake mtima ukugunda, kuopa kupezako nambala ya katundu wa boma. Munalibe. Koma ya wina, kwinakwake, ili nayo.

Dziko la Uganda linaletsa kuitanitsa makompyuta akale mu 2009. Ine sindikupempha zimenezo, chifukwa kutero n'kulanda nkhwangwa anyamata a pa Mpingu aja, pamene yatsopano, kwacha itagwa mu Meyi 2022 n'kugwanso mu Novembala 2023, ndi ya anthu owerengeka. Chimene ndikufuna n'chochepa. Wogulitsa alembe pa lisiti dzina lake, kumene amapezeka ndi chaka chimene makinawo anapangidwa, ndipo avomere kuwalandiranso akafa m'miyezi itatu. Ngati sangalonjeze miyezi itatu yokha, akudziwa chimene akugulitsa. Tili ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission loteteza ogula, tili ndi Malawi Bureau of Standards yoyesa katundu. Mawu awo afike pa wailesi m'Chichewa m'miyezi ya fodya, makhonsolo amene amadula matikiti m'misika afunseko lisiti la wogulitsa, ndipo ife a m'maofesi tikasayina kuti makina afa, tiziwaboola kaye asanatuluke pa geti kuti asakadzukire kumudzi.

Mwana uja analemba mayeso a Fomu 4 mu 2023, phunziro la kompyuta atalisiya. Nditapita ku Nsaru pa Khirisimasi ndinapeza chibokosi chija chasanduka mpando wa pakhonde. Sikirini anali ataiswa ana pofuna waya wopangira tigalimoto, ndipo magalasi ake anali mbwee pafupi ndi njira ya kuchitsime. Ndinawafotokozera alamu anga za mtovu. Anatenga tsache ndi chidebe, anasesa okha, kenako anaima n'kundiyang'ana.

"Nanga alamu, inu a boma, tikataye kuti?"

Ndinawauza kuti ndikafunsa kuntchito. Chidebecho chikadali pa denga la khola la mbuzi.