Poizoni wa m'mankhwala a chifuwa amachokera kutali ndi fakitale

Pofika mu October 2025, ana osachepera 20 adali atamwalira m'chigawo cha Madhya Pradesh ku India atamwa mankhwala a chifuwa amadzi otchedwa Coldrif. Akatswiri atawayeza adapeza kuti pafupifupi theka la madziwo linali diethylene glycol, poizoni wowononga impso. Zoterezi zidachitikanso mu 2022 ku Gambia, komwe ana pafupifupi 70 adamwalira, ndi ku Indonesia, komwe adapitirira 200.

Nthawi zonse chala chimaloza kampani yomwe dzina lake lili pabotolo. Iyo ili ndi mlandu ndithu, koma kawirikawiri poizoniyo amabwera nawo ndi ena.

Popanga mankhwala amadzi pamafunika zosungunulira monga glycerin kapena propylene glycol. Makampani ambiri sapanga okha zimenezi. Amagula m'migolo kwa amalonda, omwe nawonso amapikula kwa anzawo. Tsoka lake, diethylene glycol, yemwe amagwiritsidwa ntchito m'mafuta a mabuleki a galimoto, amaoneka chimodzimodzi, ndi wotsekemera, komanso ndi wotsika mtengo. Munthu wadyera akhoza kumuthira mumgolo n'kumata chizindikiro china, ndipo ndi maso palibe angazindikire.

Zomwe zidachitika ku Panama mu 2006 zimaonetsa bwino m'mene chinyengochi chimayendera. Migolo yolembedwa kuti glycerin idachoka kufakitale ina ku China yomwe idalibe chilolezo chopanga zopangira mankhwala. Idadutsa kwa wamalonda wa ku Beijing, kenaka wa ku Barcelona, kenaka wa ku Panama komweko. Aliyense ankakopera chikalata chotsimikiza kuti katunduyo ndi wabwino, n'kuchotsapo dzina la yemwe wamugulitsa, mwina poopa kuti kasitomala angamulambalale. Palibe ndi mmodzi yemwe adayeza za mkatimo. Bungwe la boma lidapangira mankhwala a chifuwa, ndipo anthu oposa 100 adafa.

Mu April 2024, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidachenjezanso za migolo yopezeka ku Pakistan yolembedwa dzina la kampani yotchuka ya Dow. Kampaniyo idati katunduyo si wake. Choncho ngakhale dzina lodziwika pamgolo si umboni wokwanira.

Apa ndiye pali phunziro kwa mayiko ogula mankhwala ambiri kunja, monga Malawi, yemwe amadalira kwambiri makampani a ku India. Kuyendera fakitale n'kupeza kuti ndi yaukhondo n'kofunika, koma sikuyankha funso lenileni. Mabungwe monga Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi Central Medical Stores Trust akuyenera kumafunsa wopanga mankhwala kuti zosungunulira adagula kwa yani, adazipanga ndani, ndipo mgolo uliwonse adauyeza yekha kapena adangokhulupirira pepala. Akasintha womugulitsa, azinena. Makina oyezera poizoniyu, a gas chromatography, ndi okwera mtengo, koma kulemba mfundozi m'mgwirizano wogulira mankhwala sikulira ndalama zambiri.

Kholo silingathe kulondoloza migolo. Chomwe lingathe n'kugula mankhwala m'mafamase ovomerezeka okha, n'kusunga botolo ndi nambala yake. Mwana akamwa mankhwala amadzi kenaka n'kuyamba kusanza, kupweteka m'mimba, kufooka kapena kusiya kukodza, muthamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo, botolo lili m'manja.