Musatigulitse makina akufa

A Mkonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndiyankhule ndi eni masitolo a kuno ku Mzimba, komanso ndi azibusa, ansembe ndi akulu a mipingo amene amasunga ndalama za akhristu. Nkhani yanga ndi ya makina oonetsera kanema. Ena aona ngati ndi nkhani ya ana, koma banja lathu yalidyera ndalama kawiri, ndipo ndikuona kuti yatsala pang'ono kudyanso ndalama za mpingo umene ndimapemphera.

Ndiyambe ndi zakale. Mu 1989 akulu anga adabwera kuchokera ku Joni atanyamula wailesi ya kanema ndi makina a vidiyo a Sony otchedwa Betamax. Achinyamata akumbukire kuti nthawi imeneyo dziko lathu lidalibe nyumba youlutsira zithunzi, TVM idayamba mu 1999, choncho wailesi ya kanema yopanda vidiyo idali bokosi chabe. Tidabwereka jenereta, mudzi wonse n'kusonkhana pabwalo. Akulu angawo adabwera ndi matepi asanu ndi imodzi. Tidawaonera mobwerezabwereza mpaka ana adayamba kunena mawu asilikali a m'kanemamo asanatsegule pakamwa. Titatopa nawo tidatuma munthu ku Mzuzu kukafuna ena, kenaka tidatumanso ku Lilongwe. Konseko adapeza matepi a VHS okhaokha, akuluakulu, osalowa m'makina athu.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti kunja kudali nkhondo ya malonda, ndipo makina athu adali a mbali yogonja. Sony idatulutsa Betamax mu 1975, kampani ina ya ku Japan komweko, JVC, n'kutulutsa VHS mu 1976. Tepi yoyamba ya Betamax inkajambula ola limodzi pamene ya VHS inkajambula maola awiri, ndipo JVC idalola makampani ambiri kupanga makina a mtundu wake. Eni masitolo obwereketsa matepi adatopa kusunga kanema mmodzi pa mitundu iwiri, nayamba kuoda VHS yokha. Pofika 1988 Sony yomweyo idayamba kupanga makina a VHS. Ndiye mwini sitolo wa ku Johannesburg amene adatsitsira mtengo akulu anga chaka chotsatira ankadziwa bwino chimene ankachita. Akulu anga ankadzitama mpaka imfa yawo kuti adamugonjetsa pokambirana mtengo, ndipo ife sitidafune kuwakhumudwitsa.

Mukadayesa kuti ndidaphunzirapo. Ayi ndithu. Mu 2008 ndidali ndi kanyumba koonetseramo kanema pafupi ndi Jenda. Nditagulitsa nyemba ndidatumiza ndalama kwa mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Joni kuti andigulire makina apamwamba, oti anzanga oonetsa kanema asandipose. Adandiimbira foni ali wosangalala. Adati, "Malume, ndapeza makina atsopano a Toshiba, zithunzi zake ngati mukuona munthu pamaso, ndipo andichotsera theka la mtengo." Adafika pa basi atakulungidwa m'bulangeti, pamwamba pake patalembedwa kuti HD DVD, pamodzi ndi zimbale zitatu. Zimbale zitatuzo ndi zomwezo mpaka lero. Chachinayi sindidachionepo m'sitolo iliyonse m'Malawi muno.

Apa ndifotokoze pang'ono, chifukwa ndidadzafufuza pambuyo pake ndi mtima woŵaŵa. Mu 2006 makampani awiri adatulutsa zimbale zoti zilowe m'malo mwa DVD. Toshiba ndi anzake adabwera ndi HD DVD, Sony ndi anzake adabwera ndi Blu-ray. Ukaziona n'zofanana, zozungulira, zonyezimira, koma cha uyu sichiyimba m'makina a uyo. Blu-ray inkanyamula zambiri, HD DVD inkatsika mtengo. Sony idachenjera poika Blu-ray m'makina ake a masewera a PlayStation 3, kotero kuti aliyense wogulira mwana masewera ankakhala kuti walowa kale mbali yake. Makampani opanga kanema ku America adagawikana, ena uku ena uko, ndipo wogula wamba adangoima pakati osadziwa kolowera.

Amene adathetsa mlanduwo ndi eni masitolo. Mu June 2007 Blockbuster, kampani yaikulu yobwereketsa makanema ku America, idati m'masitolo ake ambiri muzikhala Blu-ray yokha. Mu January 2008 kampani yopanga kanema ya Warner idasiya HD DVD. Pa 11 February Netflix idati sigulanso zimbale za HD DVD, ndipo tsiku lomwelo masitolo a Best Buy adati azilangiza makasitomala awo kugula Blu-ray. Pa 15 February Walmart, sitolo yaikulu kuposa zonse kumeneko, idanena zomwezo. Patangopita masiku anayi, pa 19 February 2008, Toshiba idalengeza kuti yasiya kupanga makinawo. Ine ndalama zanga za nyemba ndidatumiza mu July. Nkhondo idali itatha miyezi isanu yapitayo, ine ndili kuno ndikuwerenga masiku kuti makina anga afika liti.

Pali kanthu kena kamene ndikufuna owerenga akaone. Walmart yomweyo, mu November 2007, idagulitsa makina a HD DVD pamtengo wosafika madola 100, anthu n'kuthamangira. Patatha miyezi itatu idawataya. Azungu anzawo nawonso adalira. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko nkhani idalembedwa m'nyuzipepala zonse, anthu adakwiya poyera, ndipo Best Buy idapereka makuponi a madola 50 kwa amene adagula makinawo m'masitolo ake. Ife a kuno tidalandira chiyani? Mwana wa mlongo wanga atabwerera kusitolo kuja adamuonetsa lisiti pamene padalembedwa kuti katundu wotsitsidwa mtengo sabwezedwa.

Kunena chilungamo, makinawo sadali akufa kotheratu. DVD wamba ankaonetsa. Koma anzanga ankaonetsa DVD yomweyo ndi timakina ta ku China totchipa kwambiri, timene sitinkasankha chimbale, pamene anga ankakana zimbale zina ndipo ankatenga nthawi kuti adzuke mpaka ana m'kanyumbamo ankayamba kuimba mluzu. Chinanso chimene wogulitsa sadanene n'chakuti ukoma wa zithunzi zija umafuna wailesi ya kanema yamakono. Yanga idali yakale ija ya chimimba kumbuyo. Ndidagula nsapato ya mwendo umodzi.

Tsopano ndinene maganizo anga, a Mkonzi. Ine sindidzudzula mwini sitolo chifukwa chosankha mbali. Shelefu ndi yaing'ono, ndalama zoodera katundu n'zochepa, sangasunge zonse. Ndiponso kusankha kwa masitolo a ku America kudathandiza, chifukwa kudathetsa chisokonezo chimene chikadapitirira zaka zambiri. Chimene ndikudzudzula ndi kusankha mwakachetechete: mumtima wasankha kale mbali iyi, koma pakamwa akuyamikira mbali inayo mpaka katundu wotsala athe. Katundu wogonja satayidwa m'nyanja. Amatsika mtengo, n'kuyamba ulendo wopita kumene nkhani imafika mochedwa. Kuchoka m'masitolo akuluakulu amapita m'timasitolo ta m'mbali mwa siteshoni, kuchoka apo amakwera basi ya ku Mzimba pamodzi ndi malata ndi njinga, ndipo amathera ku Mabulabo, ku Khosolo, ku Emfeni, ku Manyamula. Boma lathu lino lili ndi ana ambiri ku South Africa, choncho khomo lolowera katundu wotere ndi lalikulu kuposa kwina.

Munthu wa m'tauni amafunsa anzake a kuntchito, amawerenga, amayang'ana pa intaneti. Mayi wa ku Khosolo akafika pa Boma, nyuzipepala yake ndi mwini sitolo. Chimene wamuuza ndicho choona. Malamulo alipo, lamulo loteteza ogula lidakhazikitsidwa mu 2003, mabungwe monga CAMA aliponso, koma ndani angakwere basi kupita ku Blantyre kukadandaula za makina amene mtengo wake ndi wochepa kuposa wa ulendowo? Chotitetezera chenicheni ndi manyazi a wogulitsa, amene Lamlungu timakhala naye benchi imodzi.

Mwina wina afunsa kuti bwanji ndikufukula nkhani ya 2008 lero. Chifukwa chake ndi ichi. Wopambana uja nayenso akufa. Blockbuster idagwa ndi ngongole mu 2010. Netflix idasiya kutumiza zimbale mu September 2023, ndipo Best Buy idasiya kugulitsa DVD ndi Blu-ray mu 2024. Kuno kwathu Blu-ray sidafike n'komwe kumudzi. Chimene chidalamulira ndi VCD ya makanema a ku Nigeria, kenaka DVD yotchipa, ndipo tsopano ndi fulashi, memore khadi ndi WhatsApp. Eni masitolo athu nawonso adasankha kale mbali. Yendani pa Boma kapena pa Jenda muone chimene chadzaza mashelefu: mafoni, masola, madikoda ndi mawailesi a kanema okhala ndi polowetsa fulashi. Makina a DVD muwapeza pakona, fumbi lili mbuu.

Nanga taonani zimene zachitika kwathu. Kwaya yathu yajambula nyimbo, zokoma ndithu, ndipo komiti idapita kukafunsa za kasindikizidwe. Adabwerako ndi pepala la mitengo: zimbale za DVD 500, zikuto zake, ndi makina amodzi a DVD a kunyumba ya abusa amene mwini sitolo adati awachotsera mtengo chifukwa ndi za Mulungu. Nditamva mawu akuti awachotsera mtengo, mtima wanga udagunda, chifukwa ndidawamvapo kawiri. Tikutuluka m'tchalitchi ndidapempha kuti amene ali ndi makina a DVD ogwira ntchito kunyumba akweze mkono. Idakwera mikono itatu, ndipo mmodzi adatsitsanso wake atakumbukira kuti ana adaononga kachitseko. Nditafunsa za foni yoyimba nyimbo, ndidalephera kuwerenga. Zimbale 500 tikazigulitsa kwa yani?

Ndalama zimenezi si za munthu mmodzi. N'za masika: chimanga, nyemba, nkhuku ndi mazira zimene amayi a Umanyano, ena mwa iwo amasiye, adasenza pamutu. Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo aliyense akudziwa mmene thumba la feteleza likupwetekera. Abusa ndi ansembe, ndikupemphani mwaulemu, musasainire chinthu chifukwa chakuti mpingo woyandikana nawo udachita chomwecho zaka khumi zapitazo.

Achinyamata a kwaya adandiyankha, ndipo yankho lawo sindikulipeputsa. Adati, "Adada, chimbale ndi chinthu chogwirika, munthu amapereka ndalama n'kutenga. Nyimbo ya pa foni mmodzi akagula, mudzi wonse wapeza ulere." N'zoona, ndipo ndi bala limene oyimba onse a m'dziko muno akulira nalo, ngakhale COSOMA ilipo. Koma ndidawakumbutsa kuti zimbale nazo zinkakopedwa pamsika, ndipo chimbale chosagulidwa sichibweretsa ngakhale tambala. Ndidati tisindikize 30 za alendo ndi za anthu amene aperekeratu ndalama, zotsalazo tiyike pa mamemore khadi ogulitsa tsiku lokhazikitsa, ndipo nyimbo zenizenizo zisungidwe m'makompyuta awiri kapena atatu m'malo osiyana. Komiti sidagamule. Akuti tidikire msonkhano wa mwezi wamawa, n'chifukwa chake ndalemba kalatayi lero, kuti mwina mipingo ina imene idayesapo itilembere zimene idaona.

Kwa inu eni masitolo, pempho langa ndi laling'ono. Gulitsani katundu wanu yense, palibe akukuletsani. Koma munthu akaloza makina amene inu mwasiya kuoda, muuzeni kuti awa ndi otsiriza, zimbale zake zikusowa, akaonongeka sipeya palibe. Akafuna kugulabe, ndi ndalama zake. Ine ndikadauzidwa choncho mu 2008 mwina ndikadagulabe pamtengo wotsikirapo, koma sindikadakhala zaka zonsezi ndikuuza anthu kuti asamakhulupirire mawu a m'sitolo.

Chomaliza n'chimene chimandisowetsa tulo. Makina akamafa amafa ndi zimene tidajambula. M'makabati a nyumba za abusa ndi m'maparishi, ku Embangweni, ku Katete ndi kwina, ndikukhulupirira muli matepi a VHS a maukwati, a kudzozedwa kwa azibusa ndi ansembe, a misonkhano ya amayi, a ingoma zovinidwa ndi madoda amene adatisiya kale. Kampani yotsiriza kupanga makina a VHS, Funai ya ku Japan, idasiya mu 2016. Matepiwo akuchita nkhungu, ndipo makina otsala akufa amodziamodzi. Bwanji mipingo, m'malo mosindikiza zimbale zatsopano, isasonkhe pang'ono n'kupeza wachinyamata mmodzi wodziwa kompyuta kuti asamutse zimenezi nthawi ikadalipo?

Ine ndili ndi tepi ya ukwati wa mwana wanga wamkazi wa mu 1998. Mmenemo muli mayi anga akuvina, ndipo ndi malo okhawo pansi pano pamene mawu awo adatsala. Adzukulu anga sadawaonepo. Ngati alipo wowerenga pakati pa Jenda ndi Boma amene makina ake a VHS akadali amoyo, alembe kudzera kwa a Mkonzi. Ndidzabwera ndekha pa njinga, tepi m'thumba, nkhuku kumbuyo.

Ine wanu,
Wopsa kawiri,
Jenda, Mzimba.