Werengani musanadinde chala

Achinyamata a ku Kaporo, m'boma la Karonga, masiku ano amajambula gule wa mapenenga, nyimbo za makwaya ndi minda ya mpunga wa Kilombero pa foni n'kuziika pa Facebook. Izi n'zabwino. Koma ndi angati amene anawerenga pangano lomwe anavomereza tsiku lotsegula akaunti?

Panganolo likuti chithunzi kapena nyimbo yanu ndi yanube, ndipo mukhoza kuigulitsa kwina. Izi n'zoona. Koma likupitiriza kunena kuti mwapatsa kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook, chilolezo chosunga, kukopera, kugawa, kusintha ndi kumasulira ntchito yanuyo pa dziko lonse popanda kukulipirani ngakhale tambala imodzi. Chilolezocho kampaniyo ikhoza kuchipereka kwa ena. Chimatha mukafufuta ntchitoyo ndipo yachoka m'makina awo, koma zimene anthu ena anakopera kale sizibwerera.

Anthu a ku Karonga akudziwa kuopsa kwa chikalata chosamveka. M'zaka za m'ma 1880, kampani ya African Lakes inachita mapangano ndi mafumu a kumeneko, ndipo pambuyo pake inanena kuti malo oposa maekala 2 miliyoni ndi ake. Malowo anagwera m'manja mwa British South Africa Company, yomwe inawasiya m'zaka za m'ma 1930 koma n'kutsalabe ndi umwini wa miyala ya pansi pa nthaka. Sitikunena kuti Facebook ikulanda munda wa munthu, ayi. Tikuti wolemba pangano amalemba zomukomera iye, ndipo wodinda chala asanamve amalira yekha.

Choncho, abale athu, ngati nyimbo ndiyo ikudyetsani, ikani kachidutswa chabe, yonse muisunge. Musaike nyimbo ya mnzanu asanakuloleni, pakuti panganolo silikulolani kupereka chimene si chanu.

Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo loteteza alembi ndi oimba, ndipo Malawi ali ndi lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016. Ife tikupempha bungweli kuti lifotokozere anthu mapangano amenewa pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Kyangonde. Woimba wa ku Kaporo naye ali ndi ufulu womva chimene akuvomereza, monganso loya wa mu Blantyre.