Muzura ndi chipata cha Mwanza

Padutsa zaka zoposa 400 chichokereni Gaspar Bocarro ku Tete mu 1616, pa ulendo wapansi wa ku Kilwa, pomwe adachereredwa masiku angapo ndi mfumu Muzura ya Amaravi. Akatswiri ena a mbiri yakale amati mzinda womwe adafikirawo udali cha kuno, m'dera la Mwanza ndi Neno, kufupi ndi mtsinje wa Wamkulumadzi. Potsatira maganizo awo, ife a kwa Kanduku timalima pafupi ndi bwalo la mfumu yomwe idanjenjemeretsapo chigwa cha Zambezi, chonsecho dzina lake silimveka ngakhale pocheza kumaliro.

Muzura adali mfumu yowerengera. Mu 1608 adatumiza ankhondo 4,000 kutsidya kwa Zambezi kukathandiza Apwitikizi ndi Mwenemutapa Gatsi Rusere kuthana ndi oukira. Chomwe ankayembekeza nchosabisika: nsalu ndi mikanda posinthana ndi minyanga ya njovu, komanso bwenzi lamfuti pa tsiku la mavuto. Tsikulo lidafika mu 1622, pomwe Apwitikizi adamuthandiza kugonjetsa mfumu Lundu ya kumunsi kwa Shire. Mpaka apa, ubwenziwo udabweza ngongole yake.

Chidasokoneza zinthu nchakuti Muzura ankafuna zambiri kuposa zomwe abwenzi akewo akadalola. Gatsi Rusere atamwalira mu 1623, iye adaoloka Zambezi kuti akalande dziko la golide la Mwenemutapa, koma adabwezedwa. Patapita zaka zochepa adagwirizana ndi Mwenemutapa Kapararidze poukira Apwitikizi omwe aja, mpaka ankhondo ake kuzinga Quelimane, koma mu 1632 mtsogoleri wa Apwitikizi Diogo de Sousa de Meneses adawabalalitsa. Sitikufuna kumutama Muzura kapena kumunyoza pano. Adamanga ufumu waukulu, ndipo njira za minyanga zidadutsa m'manja mwake. Koma doko la kunyanja lidatsala m'manja mwa eni zombo, ndipo mtengo wa katundu unkadulidwa komweko.

Pomwe pankadutsa onyamula minyanga, lero pali msewu wa phula wa ku Zobue ndi Tete. Amene adaimapo pachipata cha Mwanza m'mwezi wa June akudziwa chithunzi chake: malole ataima mndandanda, madalaivala akuphika nsima pambali pa matayala, amayi akuthamangira basi iliyonse ndi mabeseni a manachesi pamutu. Dzuwa likapendeka mtengo umatsika, chifukwa chipatso sichidikira mawa. Njanji yochokera ku Moatize kupita ku Nacala nayo idabwera ndi chiyembekezo cha ntchito ndi malonda. Ena adagwiradi ntchito pomanga, ndipo zimenezo sitingazikane. Koma zomwe timaona kwambiri ndi mabogi a malasha akudutsa m'boma lathu, ana nkumawawerenga ndi chala. Katundu ndi wa ena, doko ndi la ena, ife tili ndi njira.

Kutsogoloku pali ntchito ziwiri, ndipo yoyamba ndi yosafuna ndalama zochuluka. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, katswiri wofukula zakale a Yusuf Juwayeyi adakumba pa likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, napeza mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Magombe a Wamkulumadzi akuyenera kufufuzidwa mwa njira yomweyo, makasu ndi oumba njerwa asanafafanize zotsalira, ndipo mafumu athu ndiwo angatsegule khomo pouza anthu awo kuti phale lakale lotuluka m'munda lisatayidwe kudzala.

Yachiwiri ndi yolemera. Manachesi a kuno amadziwika mpaka ku Lilongwe, koma mlimi wa kwa Kanduku amagulitsabe mtengo wonse kwa venda zipatso zisanapse, chifukwa fizi ya mwana yafika. Khonsolo ndi magulu a alimi akakhala pansi chaka chino, nkhani yoyamba ikhale ya malo osungira zipatso ndi makina ofinyira madzi ake, ndipo atiuze mwezi womwe ntchitoyo idzayambe.