Malata Okha Samaliza Nyumba

M'midzi yambiri kuno kwathu, mlimi akagulitsa bwino nshawa kapena soya, coyamba kugula ndi malata. Sitimutsutsa, pakuti udzu wofolera ukusowa caka ndi caka, ndipo kufolera kawirikawiri kumatopetsa. Koma ife tikuti nyumba yokhomedwa malata popanda siling'i ndi mipata yopitira mpweya ndi nyumba yosatha, ngakhale itapakidwa penti wokongola motani.

Denga la udzu linkatsekereza kutentha kwa dzuwa ndiponso kulola mpweya wotentha kutuluka. Lata silicita ciliconse mwa ziwirizi. Mu Okutobala, pamene kutentha kumafika madigiri 40 m'cigwa ca Luangwa, lata limawamba onse okhala pansi pake, ndipo makanda ndi okalamba ndiwo amayamba kufooka. Mu Juni ndi Julayi limazizira dzuwa likangolowa. Cinyezi ca mpweya umene timapuma ndi nthunzi ya m'miphika zikagunda lata lozizira zimasanduka madontho, amene amagwera pa zofunda ndi pa matumba a cimanga osungidwa m'nyumba. Cimanga cimene tinavutika kuumitsa mpaka cinyezi cake citatsika kufika pa 12.5 peresenti imene a FRA amafuna cimanyowanso, ndipo cikacita cuku cingakhale ndi poizoni wa aflatoxin amene amaononga ciwindi.

Njira yake siyovuta. Pansi pa malata pakhale siling'i, kusiya danga pakati pake ndi denga. Amene sangakwanitse matabwa a m'sitolo aluke mabango kapena nsungwi zong'amba. Ngakhale mphasa zolimba zimathandiza. Popeza mpweya wotentha umakwera m'mwamba, womanga asiye zibowo pamwamba penipeni pa makoma awiri a kumapeto kwa nyumba, kuti mphepo izilowa uku ndi kutulukira uko. Zibowo zonse zitsekedwe ndi waya wa sefa, makamaka mpata wa pakati pa khoma ndi denga, cifukwa ndimo mumalowera udzudzu wofalitsa malungo, pamodzi ndi mileme ndi makoswe. Penti woyera pa malata amabweza dzuwa, ndipo mtengo wobzalidwa kumadzulo kwa nyumba umacinga dzuwa la masana.

Siling'i ya mabango imagwira moto msanga, conco isayandikane ndi pophikira. Ndipo nyumba ikhale yomangidwa bwino motani, mbaula ya malasha isagone m'cipinda cotseka. Mpweya woipa umene malasha amatulutsa ulibe fungo, ndipo umapha munthu ali m'tulo.

Ena amati siling'i ndi ya anthu a m'tauni, ndipo ndalama zimathera pa malata ndi misomali. Zoonadi ndalama ndi zocepa. Komatu mlimi yemweyo akamamanga khola la nkhuku amaliyang'anitsa bwino, amaika waya m'mbali kuti mphepo izipita, cifukwa adziwa kuti nkhuku zikatenthedwa zimaleka kudya ndi kuikira. Ngati timaganizira motero nkhuku, nanga ana athu amene amagona pansi pa lata loyaka?

Inu amene mukuumba njerwa m'cilimwe cino, kambiranani ndi womanga za zibowo ndi siling'i khoma lisanafike pamwamba. Kusiya mpata pomanga sikufuna ngwee, pamene kugumula khoma lomalizidwa kumadya simenti ndi nthawi. Khonde ndi penti wa makoma zingadikire zokolola za caka ca mawa.