Dzina pa mndandanda si umboni

Mlandu wa chigololo ukabuka pamudzi, akuluakulu sathamangira kuimba ng'oma. Amayamba aitana ankhoswe a mbali zonse, n'kumva mwamuna, n'kumvanso mkazi, ana atauzidwa kuti akasewere kutali. Nkhani yomwe idachitika ku Canada m'chaka cha 2015 idaonetsa zimene zimagwa anthu akamaweruzidwa popanda nkhoswe, popandanso bwalo.

Mumzinda wa Toronto mudali kampani yotchedwa Avid Life Media, mwini wake wa Ashley Madison, malo a pa intaneti pomwe anthu apabanja amalembetsa kuti apeze zibwenzi zamseri. Kampaniyo inkalonjeza kusunga chinsinsi, ndipo wofuna kuti dzina lake lifafanizidwe ankalipira madola 19. Mu Julayi chaka chimenecho, mbava za pa kompyuta zodzitcha Impact Team zidathyola nkhokwe ya kampaniyo ndi kuilamula kuti itseke malowo. Itakana, mu Ogasiti mbavazo zidamwaza zonse poyera: mayina, makeyala ndi ndalama zomwe anthu ankalipira. Boma la America lidati okhudzidwa adaposa 36 miliyoni.

Ambiri adaomba m'manja, amvekere mapanga awiri avumbwitsa. Ena adakonza njira yoti munthu azitha kulemba keyala ya mnzake kapena ya abwana ake n'kuona ngati ilimo. Akathyali nawo adayamba kutumiza makalata oopseza kuti akapanda kulandira ndalama akauza akunyumba. Pasanathe sabata, apolisi a ku Toronto adalengeza kuti amva za anthu awiri omwe ankaganiziridwa kuti adzipha chifukwa cha nkhaniyi.

Chimene oseka aja sadaimire kuti afunse ndi ichi: kodi mndandandawo unkanena zoona? Kampaniyo sinkatsimikiza ngati keyala ya imelo ndi ya munthu amene akulembetsayo. Choncho mdani kapena wanthabwala akadatha kulembetsa mnzake iye osadziwa kanthu. Zidadziwikanso kuti amuna ambiri ankacheza ndi makina oikidwa ndi kampaniyo, iwo n'kumayesa ndi akazi enieni. Olakwiradi mabanja awo adalimo ndithu, koma mndandanda sunkasiyanitsa wolakwa ndi wonamiziridwa. Ndipo ngakhale pamene mwamuna adalakwadi, manyazi adagweranso mkazi ndi ana omwe sadalembetse paliponse.

Nanga malamulo adagwira yani? Kampani idalonjeza madola a ku Canada 500,000 kwa woulula mbavazo, koma mpaka lero palibe amene adaimbidwa mlandu wa kubako. Mkulu wa kampaniyo, a Noel Biderman, adatula pansi udindo mwezi womwewo wa Ogasiti. Mu 2016 oteteza chinsinsi cha anthu ku Canada ndi ku Australia adapeza kuti kampani idalekerera nkhokwe yake, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho idavomera kulipira maboma a ku America madola 1.6 miliyoni. Mu 2017 idavomeranso kupereka madola 11.2 miliyoni kwa odandaula. Komatu njira ya kukhoti idali ndi minga: woweruza wa ku St. Louis adagamula kuti wofuna kutsogolera anzake pa mlanduwo atchule dzina lake lenileni. Wofuna chilungamo adayenera kudzivulanso kachiwiri.

Patsala gulu lachitatu lomwe ndi lovuta kulitengera kubwalo: anthu wamba amene adanyamula mayinawo n'kumawafalitsa. Apa m'pomwe nkhaniyi ikufika m'midzi ya m'malire muno, pakuti masiku ano chithunzi kapena uthenga wobedwa m'foni ya wina umatha kuzungulira msika wonse pa WhatsApp dzuwa lisanapendeke. Ndime 41 ya malamulo aakulu a dziko la Moçambique imati nzika iliyonse ili ndi ufulu wa ulemu, dzina labwino ndi chinsinsi cha moyo wake. Ufulu umenewu suthera pakuti munthu walakwira banja lake.

Wolakwiridwa m'banja ali ndi kopita: kwa ankhoswe, kwa amfumu, kapena kukhoti, komwe mbali zonse zimamvedwa. Koma amene walandira chinsinsi chobedwa n'kuchitumiza kwa ena adziwe kuti wathandiza mbava kusenza katundu. Asanatumize, ayambe wakumbukira mawu a akulu aja: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.